Mfuti sayeza ndi khutu

Adzukulu anga, ena mwa inu mukabwera kuchokera ku Joni mumasimba za m'mafamu a nyama a ku Limpopo. Mumati kumeneko mlenje akawomba sataya chigoba cha chipolopolo. Amachitola, amakachitsuka, amathiramo onga wina woyeza pa sikelo, n'kutsekapo chipolopolo chatsopano. Akatero amaimika kachipangizo kotchedwa chronograph kuti kamuuze liwiro la chipolopolocho. Mumasimba mukuseka, mukuti ndi masewera a anthu osowa pothira ndalama. Ine sindiseka nanu, chifukwa ndinakulira pakati pa amuna oyeza onga ndi zala.

Kuno ku Phalombe mfuti si mlendo. Amalonda a akapolo ankadutsa nazo pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, n'chifukwa chake atsamunda anamangapo Fort Lister mu 1893. Mfuti za gogodera zinatsala m'manja mwa alenje mpaka masiku athu. Mlenje ankathira onga kukamwa kwa mpope, kutsindira ndi ndodo, n'kuona kuti ndodoyo yatsala zala zingati kunja. Akamva kuti nguluwe ya m'mundamo ndi yaikulu, ankawonjezera chala. Mfuti ikalira mpaka phiri kuyankha, phewa n'kuchita dzanzi, ankati lero yadya bwino. Kafunseni agogo anu chimene chinadula zala za ena mwa alenje aja, kapena kuwaphera diso. Sanali nyalugwe ayi.

Khutu limanama. Kulira kwakukulu nthawi zambiri kumangotanthauza kuti onga wina wapsera kunja kwa mpope, osakankha kanthu. Azungu nawonso anakhala zaka mazana akuwombera mongoganizira, mpaka mu 1742 pamene Mngelezi wina, Benjamin Robins, anapachika chinthu cholemera chokhala ndi thabwa kutsogolo, n'kumachiwombera. Poona mmene chagwedezekera, ndipo podziwa kulemera kwake ndi kwa chipolopolo, ankawerengera liwiro. Anapeza kuti mpweya umabweza chipolopolo mwamphamvu kuposa mmene anthu ophunzira a nthawiyo ankaganizira. M'zaka za m'ma 1860 msilikali wa ku Belgium, Le Boulengé, anapanga chida chamagetsi: chipolopolo chinkadula waya woyamba, kenako wachiwiri, ndipo nthawi ya pakatiyo inkayezedwa ndi ndodo yachitsulo imene inali kugwa. Zida zambiri za lero zikadali pa nzeru yomweyo ya mtunda wodziwika ndi nthawi yowerengedwa.

Manambala ake ndi awa. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Machaka a chifefe amatuluka pa mamita pafupifupi 400. Chipolopolo cha .303, mfuti ija ankanyamula asilikali a KAR, chimatuluka pa mamita pafupifupi 740, cha AK-47 kupitirira pang'ono 700. Ndipo mphamvu yomenyera siyenda limodzi ndi liwiro phazi ndi phazi: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi. Chipolopolo chochedwa chimagwa msanga, ndiye mlenje amene sadziwa liwiro la chake amaloza pamtima n'kuthyola mwendo. Nyama imathawa ndi bala kukafera m'tchire, kapena, ikakhala njati, imabwerera kudzafunsa.

Ndisanafike pa kusankha chida choyezera liwiro, timvane za lamulo, pakuti ndikudziwa maganizo a ena mwa inu. Ku South Africa lamulo la mfuti la chaka cha 2000 limalola mwini chiphaso kudzipangira zipolopolo za mfuti yake yolembetsedwayo, ndipo limaika malire: zipolopolo 200 pa mfuti imodzi, pokhapokha atalandira chilolezo chapadera. Chiphasocho ndi cha bwana wanu wa kufamuko, si chanu. Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zimafuna chiphaso cha ku polisi, ndipo kuzipanga popanda chilolezo ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire lomwe analikhwimitsa mu 2017 limafika mpaka zaka 30 kundende pa milandu ikuluikulu. Tili pamalire ndi Mozambique, kumene nkhondo yapachiweniweni inatha mu 1992 koma mfuti zake sizinathe. Ndikudziwanso kuti nyanja ya Chilwa ikaphwa, monga mu 1995 ndi mu 2018, nsomba zikasowa, maso a anthu amatembenukira kwa atsekwe ndi abakha a m'madambo, ndipo pamapezeka wina wogulitsa zipolopolo zothiridwanso onga wosadziwika kumene wachokera. Chronograph singayeretse zimenezo. Zimene ndikunenazi n'za amene muli pa ntchito yovomerezeka: m'mafamu a nyama, m'malo ophunzirira kuwombera, kapena inu olakalaka ntchito ya ulonda wa nyama ku Liwonde ndi ku Majete.

Zida zoyezera liwiro zodziwika kwambiri zilipo mitundu itatu.

Wotchipa ndi wa maso awiri. Ndi kabokosi kokhala ndi timaso tiwiri toyang'ana kumwamba, totalikirana masentimita pafupifupi 30. Chipolopolo chikamadutsa pamwamba, mthunzi wake umadzutsa diso loyamba, kenako lachiwiri. Pa liwiro la mamita 800, ulendo wa pakati pa masowo sukwana ngakhale theka la gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Kamagwira ntchito ndithu, ndipo anthu akhala akukadalira zaka zambiri. Koma kamafuna kuwala kofatsa. Dzuwa likapendeka madzulo, kapena mitambo ikamadutsadutsa, kamapereka manambala amisala kapena kungokhala chete. Muyenera kukaimika mamita atatu kapena anayi kutsogolo kwa mfuti kuti mphepo ya onga isakasokoneze, kutanthauza kuti aliyense asiye kuwombera inu mukakonze. Ndiye pali imfa yake yodziwika: galasi loyang'anira limakhala pamwamba pa mpope, munthu amaona njira yoyera m'galasimo, chipolopolo n'kudutsa munsi, kabokosi phwaa! Amene amagula mtundu umenewu aziwerengeratu kuti tsiku lina adzagulanso.

Wachiwiri ndi womangirira ku mpope, wodziwika ndi dzina la MagnetoSpeed. Umaoneka ngati mpeni wa kumfuti ya asilikali, ndipo umamva chipolopolo ndi maginito. Kaya kuli mdima kaya mitambo, suona vuto, ndipo simupita kutsogolo kwa mfuti. Choipa chake n'chakuti chilichonse cholendewera ku mpope chimasintha kanjenjemeredwe kake, ndiye chipolopolo chimatha kugwera pena. Tsiku loyeza liwiro likhale lina, loyeza kulunjika lina, ndipo zipolopolo zimapita kawiri.

Wachitatu ndi wa radar. Umakhala pambali pa mfuti, umaponya mafunde kutsatira chipolopolo, ndipo kusintha kwa mafunde obwerera ndiko kumauza liwiro, monga amachitira apolisi apamsewu ndi galimoto. LabRadar ndiyo inatchuka poyamba, yaikulu ndi yofuna kuilozetsa mosamala. Mu 2023 kampani ya Garmin inatulutsa Xero C1 Pro, kakang'ono kolowa m'thumba, kotchaja ngati foni, pa mtengo wa madola pafupifupi 600. Wa maso awiri mungagule angapo pa ndalama imeneyo.

Bwana akakufunsani maganizo, musathamangire wodula kuti muoneke odziwa. Mufunseni kuti amawombera kangati, kuti, ndipo ndi mfuti zingati. Wa mfuti imodzi, woyeza kawiri pa chaka pafamu yakeyake pa nthawi ya kuwala kofatsa, wa maso awiri amukwanira. Wa mfuti zambiri ndi alendo obwera ndi zawo, radar idzabweza ndalama yake pa zipolopolo ndi nthawi zosawonongeka. Funsaninso za batire, za fumbi, ndi kumene chidacho chingakakonzedwe chikafa, popeza zonsezi zimachokera kutsidya kwa nyanja. Chikafika, chitani zimene mumachita ndi sikelo ya venda wa nandolo pa Migowi: yambani mwaikapo chinthu chimene mukuchidziwa kale kulemera. Womberani zipolopolo za kufakitale, kapena yezani pambali pa chida cha mnzanu. Musadabwe nambala ikachepera pang'ono pa yolembedwa pa bokosi, chifukwa a kufakitale amayezera m'mipope yawo, nthawi zambiri yaitali kuposa yanu.

Pamene achinyamata mumasocherera ndi pa kuwerenga. Maso anu amathamangira nambala yaikulu, mtima womwe uja wa mlenje wowonjezera chala. Chofunika ndi kufanana. Zipolopolo khumi zikamasiyana ndi mamita asanu kapena khumi okha pa sekondi, wothira onga ali ndi dzanja labwino. Zikamasiyana ndi 40, penapake palakwika, ngakhale chimodzi chitathamanga chotani. Ndipo kuwomba kawiri kapena katatu sikukuuzani kanthu.

Dziwaninso chimene chidacho sichiona. Chimayeza liwiro kunja, sichiyeza mphamvu yopanikiza m'kati mwa mpope, imene ndiyo imang'amba chitsulo. Mphamvu imeneyo imakwera msanga kuposa liwiro: onga wowonjezera pang'ono umakweza liwiro pang'ono chabe, koma kupanikiza kumalumpha. Kutentha nakonso kumawonjezera. Zipolopolo zoyesedwa m'mawa wa June zimasintha khalidwe zikakhala m'galimoto yotseka masana a October. N'chifukwa chake opanga onga amasindikiza mabuku oonetsa malire a mtundu uliwonse, ndipo wodziwa ntchito amalemba m'kope tsiku, kutentha, mfuti ndi nambala iliyonse. Ntchito yolembayo ikagwera inu, lembani zimene chida chanena, ngakhale bwana akuyembekeza zina. Nambala ikadumpha ya m'buku, kapena chotsekera mfuti chikayamba kulimba potsegula, nenani mokweza kuti aleke, ndipo zipolopolo zotsala za gulu limenelo zibwerere kwa amene anazithira akazimasule.