Nalimata wa ku Mufakose ndi nanzikambe wa ku Nsanje

Pakhoma la khitchini yathu ku Mufakose pamakhala nalimata. Magetsi akabwera usiku amatuluka kuseri kwa kabati, n'kukaima pafupi ndi babu kudikira tizilombo tokopeka ndi kuwala. Malemu agogo aamuna, amene anachoka ku Mulanje m'zaka za m'ma 1950 kudzafuna ntchito kuno ku Halale, sankalola kuti ife ana timuphe. Ankangoti: "Musiyeni mnzathuyo, nayenso ndi wapaulendo."

Agogo ankanena zoona kuposa mmene ankadziwira. Nalimata wa m'nyumba ameneyu, amene asayansi amamutcha Hemidactylus mabouia, kwawo ndi ku Africa kuno, koma dzinalo analipatsidwa mu 1818 ndi Mfalansa wina, Moreau de Jonnès, amene anamupeza pa zilumba za Caribbean. Anali atawoloka kale nyanja ya Atlantic, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti anakwera zombo zomwe zinkanyamula akapolo. Lero ali ku Brazil, ali ku Florida. Akapeza khoma, mng'alu wobisalamo ndi nyale, wafika pakwawo.

Ife ana ndi adzukulu a matchona timadziona mwa nalimatayu, ndipo timanyadira. Makolo athu anadutsa ku Tete, ena wapansi, ena atalembedwa ndi Mthandizi, n'kumwazikana m'mafamu, m'migodi ndi m'makomboni a Mbare, Highfield, Mufakose ndi Mabvuku. Anatchedwa mabwidi, anthu opanda mtupo. Pa zitupa zawo panalembedwa chilembo cha A, kusonyeza kuti ndi alendo, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ambiri obadwira konkuno alibe dziko, kufikira malamulo aakulu a 2013 atawabwezera unzika n'kuika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka m'Zimbabwe. Zonsezi tinazipirira pozolowera. Tinaphunzira Chishona mpaka kumalota nacho, gule tinkamuvina Loweruka, Lolemba tili pantchito. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, timatero, ndipo munthu wolephera kuzolowera malo atsopano timamuona ngati wofooka, mwinanso waulesi.

Chomwe chinandisokoneza maganizo amenewa ndi liwu limodzi la Chingerezi. Ndinkamasulira kabuku ka zachilengedwe ka ana a sukulu, ndipo ndinakumana ndi liwu loti endemic. Ndinalemba kuti "chopezeka malo amodzi okha", koma mtima sunakhazikike. Mawu amenewa akunena za munthu wofufuzayo, kumene iye angachipeze chinthucho. Za chamoyocho sakunena kanthu. Ndiye ndinayamba kuwerenga kuti ndidziwe kuti ndi zamoyo zanji zomwe zimakhala motero.

Kale kwambiri, zaka mamiliyoni zapitazo, nkhalango zonyowa za dera lathu lino zinali zazikulu ndi zolumikizana. Nyengo itayamba kuuma, nkhalangozo zinatsalira pa mapiri pomwe mitambo imagunda n'kugwetsa mvula, ndipo pakati pake panamera tchire la miombo ndi udzu. Phiri lililonse linasanduka chilumba. Abuluzi ndi njoka zomwe zinatsekeredwa pamenepo zinasintha payokhapayokha mpaka kukhala mitundu yosiyana. N'chifukwa chake nkhalango ya Chirinda kufupi ndi Chipinge ndi mapiri ena a kum'mawa kwa Zimbabwe ali ndi nanzikambe wawo wamng'ono, Rhampholeon marshalli, Mulanje ali ndi wake, ndipo mu 2014 asayansi analengeza mitundu inayi yatsopano ya ananzikambe otere, umodzi pa phiri lililonse mwa mapiri anayi a ku Mozambique: Mabu, Namuli, Chiperone ndi Inago. Pa Mabu pomwepo pali njoka yaululu, Atheris mabuensis, yomwe inalembedwa koyamba mu 2009.

Dzina limodzi linandiseketsa ndekha. Mu 1965 Donald Broadley, katswiri amene anagwira ntchito ku nyumba zosungiramo zinthu zakale za Mutare ndi Bulawayo, analemba za nanzikambe wa m'nkhalango ya Ruo pa phiri la Mulanje, kwawo kwa agogo. Mu 2006 asayansi ena anaona kuti ndi wosiyana kwambiri ndi anzake, ndipo anatcha gulu lake Nadzikambia, kuchokera ku liwu lathu lomweli. Liwu la Chichewa linakwera ulendo n'kukalowa m'Chilatini cha asayansi, mwini dzina ali phee pa nthambi yake ku Ruo.

Koma amene sandichoka m'mutu ndi wa ku Nsanje, Rhampholeon chapmanorum. Kutalika kwake ndi pafupifupi masentimita 5.5, wofiirira ngati tsamba louma. Masana amayenda pa zinyalala za pansi pa mitengo, usiku amakwera kamtengo kakafupi n'kugona. Colin Tilbury anamulemba mu 1992 kuchokera ku nkhalango ya Malawi Hills, ndipo mwachilengedwe sapezeka kwina kulikonse padziko. Zithunzi za m'mlengalenga zikusonyeza kuti pakati pa 1984 ndi 2019 pafupifupi 80 peresenti ya nkhalangoyo inatha, yambiri inasanduka minda. Anthu ankaopa kuti mtunduwu unatheratu, kufikira mu 2016 gulu la Krystal Tolley wa ku South Africa pamodzi ndi a Museums of Malawi litayenda usiku ndi matochi n'kuwapeza m'tizigawo ta nkhalango totsala. Atayeza chibadwa chawo anapeza kuti a m'kachigawo kena sakukwatirananso ndi a m'kachigawo kena. Munda wa chimanga womwe mwana angaudutse akuthamanga, kwa iye ndi Zambezi wosefukira.

Nzeru yonse yomwe ndinaleredwa nayo imati zikavuta, nyamuka. Nanga chamoyo chomwe sichingathe kunyamuka tichiuze chiyani? Ndikaunena moona mtima, mwambi wa mwana wa ng'ona uli ndi mbali yankhanza: umachotsa mlandu pa woumitsa dziwe n'kuuika pa wolephera kusamuka. Ndaumvapo ukunenedwa kwa nkhalamba zomwe nyumba zawo zinagwetsedwa pa Murambatsvina mu 2005, zouzidwa kuti zibwerere kumudzi pomwe mudziwo zinauona komaliza zili ana, kapena sizinauonepo n'komwe. Ngakhale pakati pa ife apaulendo alipo amene ulendo wawo unatha, amene Mbare ndiye nkhalango yawo yotsiriza.

Wina anganene kuti n'kosavuta kumvera chisoni buluzi uli ku Harare, ukudya ufa wogula m'sitolo. Ndikuvomera. Munthu wodula mitengo ku Malawi Hills si chigawenga. Nsanje ndi boma lomwe madzi osefukira amakokolola minda ya kuchigwa kawirikawiri, monga zinachitikira mu 2015 ndi pa namondwe Freddy mu 2023, ndipo wokwera phiri ndi nkhwangwa akufuna chinangwa cha ana. Iyenso ndi wotsala, amene sanapite ku Joni kapena ku Halale. Choncho pa phiri limodzi pali osatha kusamuka awiri, ndipo wina akudya malo a mnzake. Sindikhulupirira kuti ife amene tinachoka tili ndi ufulu woweruza mlimiyo. Komanso sindivomera kuti njala yake ikutanthauza kuti kutha kwa nanzikambe si kanthu. Mlimi akapatsidwa njira ina yopezera chakudya akhoza kuisiya nkhwangwa. Nanzikambe njira ina alibe, ndipo amene ali ndi njira zambiri, kuphatikizapo ife otumiza ndalama kumudzi, ndi amene ngongoleyi ikuwagwera.

Pali kanthu kena komwe kamasokoneza fanizo langa. Mu 1998 ananzikambe 37 a mtunduwu anatengedwa n'kukasiyidwa m'kankhalango ka ku Mikundi, makilomita pafupifupi 95 kumpoto, ndipo mu 2016 kumeneko n'kumene kunapezeka ambiri, ana omwe. Tinganene kuti nawonso anatchona bwino. Koma anachita kunyamulidwa m'manja, ndipo kumene anafikako anapeza mthunzi ndi chinyezi zonga za kwawo. Agogo nawonso atafika ku Salisbury anafikira kwa anthu akwawo, amene anawapatsa mphasa, nsima ndi chilankhulo chomwe ankachimva. Mbali imeneyi timaidumpha tikamadzitama kuti tinazolowera tokha.

M'nthano ya makolo, Chauta anatuma nanzikambe kukauza anthu kuti akafa adzauka, koma buluzi anamupitirira ndi uthenga wa imfa. Kuyambira pamenepo timamuda nanzikambe chifukwa chochedwa, buluzi wobweretsa imfayo osamufunsa kanthu. Tili ana ku Mufakose tikampeza pa mpanda wa maluwa tinkamugenda, ndipo agogo, amene ankateteza nalimata, pa ameneyu sankatiletsa.

M'kabuku kaja ndinafafaniza zomwe ndinalemba poyamba n'kuika "chamoyo chomwe kwawo n'kumodzi, chopanda kwina kothawira". Mkonzi anandibwezera tsambalo kuti mawuwo atalika ndipo sakukwana pansi pa chithunzi. Ndinamupempha kuti achepetse chithunzicho.