Kodi lamulo lokondera limatimanga? Nkhani ya jumbo ndi makala

Nkhani imene tikufuna tikambirane m'kalata ino inayambira pa tsache. Tinali titamaliza msonkhano wa amayi pa parishi ina ya m'tauni, alendo atabalalika, ife otsala tikusesa pabwalo la tchalitchi. Zimene tinaunjika kudzala tsiku limenelo sizinali masamba a mitengo ayi. Anali majumbo: akuda, abuluu, oyera aja omangira mandasi, ndi timapepala ta mafilizesi. Panalibe wachikunja amene anadzatitayira. Tinabwera nawo ndife tomwe, titavala yunifolomu.

Mayi ena, amene amagulitsa mandasi ndi tomato pamsika, anaimika tsache n'kufunsa kuti, "Amayi, mundiuze zoona. Boma linaletsa majumbo awa, koma ine ndimamangira malonda anga tsiku ndi tsiku. Kodi ndiye kuti ndimachimwa?" Ambirife tinaseka. Iwo sanaseke. Anapitiriza kuti, "Ngati lili tchimo, nanga bwanji eni mafakitale anakhala zaka ndi zaka akupangabe, atanyamula zikalata za kukhothi? Lamulo lake ndi la ife osauka tokha?"

Tinawayankha zongowatonthoza, ndipo kunena zoona yankho lathu silinali lokwanira. N'chifukwa chake tabwera nayo kuno.

Tiyambe ndi zimene zinachitika. M'chaka cha 2015 boma linakhazikitsa malamulo oletsa kupanga, kuitanitsa kunja, kugulitsa ndi kugwiritsa ntchito mapulasitiki opyapyala osafika mamaikiloni 60, komwe kuli pafupifupi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Zifukwa zake tonse timaziona. Jumbo yopyapyala imang'ambika tsiku lomwelo, koma siwola. Imatseka ngalande, madzi n'kudikha, udzudzu n'kumaswana. Ziweto zimaidya chifukwa cha fungo la mchere ndi mafuta, kenaka zimayamba kuwonda pang'onopang'ono mwini wake osadziwa chavuta. Kafukufuku wina wa ku Mponela anapeza kuti pa ziweto 100 zilizonse zophedwa kumeneko, 40 zinali ndi pulasitiki m'mimba.

M'chaka cha 2016 makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso kukhothi, lamulo lija n'kuima. Mu Julaye 2019 khothi lalikulu la apilo linagamula kuti lamulolo ndi loyenera. Mmodzi mwa amene analimbikira nkhondoyi ndi mwana wathu wamkazi, Gloria Majiga-Kamoto, amene anayamba kudandaula ataona mbuzi za alimi zikufa, ndipo mu 2021 analandira mphotho ya Goldman chifukwa cha ntchito imeneyi. Koma ngakhale khothi lalikululo litalankhula, ziletso zina zinatengedwabe, nkhani n'kumangozungulira m'makhothi mpaka kumayambiriro kwa 2025. Zaka khumi! Mwana amene anabatizidwa ali wakhanda lamuloli likulembedwa anafika pokonzekera kulimbitsidwa nkhaniyi isanathe.

Tsono tiike pambali pake nkhani ya makala. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 analikonza n'kukhwimitsa zilango. Chaka chomwe chija cha 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalango ya Dzalanyama, kumene kumachokera madzi a mumzinda wa Lilongwe. Bambo amene wakankha njinga ya matumba atatu usiku wonse akagwidwa panjira, alibe loya wokamutengera chiletso. Makala amapita, nthawi zina njinga imapita nawo, ndipo zonse zimatha dzuwa lisanafike paliwombo. Apa mayi athu aja sananame. Lamulo limathamanga likamatsata wa njinga, limatsimphina likamapita kufakitale.

Tisafulumire kuwatsutsa ndi mawu a Paulo Woyera a m'kalata yake kwa Aroma onena za kumvera akuluakulu a boma. Malembo omwewo ali ndi mneneri Amosi wodzudzula miyeso yachinyengo ndi kupondereza osauka pabwalo la milandu. Ali ndi Natani, amene analowa m'nyumba ya mfumu kukanena za munthu wolemera wolanda kankhosa kamodzi ka mmphawi. Mkwiyo umene munthu amamva poona lamulo likukondera si wauchikunja ayi. Ife amene tinaseka pabwalo paja ndi amene tinali kutali ndi aneneri.

Koma funso ndi lakuti, kodi kukonderako kumatimasula? Ife tikuganiza kuti pali zinthu ziwiri zimene timazisokoneza. China ndi lamulo loipa, lolamula munthu kuchita chosalungama. Lotero Mkhristu angalikane. China ndi lamulo labwino limene likuyendetsedwa moipa. Lamulo la majumbo silikutiuza kuti tichitire munthu wina nkhanza. Likutiuza kuti tileke chinthu chimene chikupha mbuzi ya mnansi wathu ndi kutseka ngalande ya kumunsi kwa nyumba yathu. Mbuzi ija imafa ndithu, kaya mwini fakitale walangidwa kaya sanalangidwe. Choncho chimene chimatimanga kwenikweni si pepala la boma, koma mnansi amene akuvutikayo. Bomalo langolemba zimene chikondi cha pa mnzako chinayenera kutiuza kale. Mwana akamati, "Sindisesa chifukwa achimwene sanasese," timamuyankha bwanji kunyumba? Timamuuza kuti asese, kenaka timakambirana ndi achimwene akewo. Vuto lathu ngati dziko n'lakuti kusesako timakakamiza wamng'ono, kukambirana ndi achimwene timakuopa.

Alipo ena amene amati zonsezi n'zachizungu. Amati maiko olemera anaononga nkhalango zawo n'kulemera, tsopano akufuna ife tikhale alonda a chilengedwe tili ndi njala. Masiku ano mabanki akuluakulu ndi anthu oika ndalama m'makampani ali ndi zilembo zitatu, ESG, zimene amayezera kampani: mmene ikusamalira chilengedwe, mmene ikuchitira ndi anthu, ndi mmene ikuyendetsedwera. Pa dandaulo lawoli pali choonadi, pakuti utsi umene wasokoneza nyengo sunachokere kwenikweni m'makhitchini athu. Koma kunena kuti kudziikira malire pa za chilengedwe n'kwachilendo ndi kuiwala kwathu. Ndani wa ife anakula akuona munthu akudula mtengo kumanda popanda chilolezo cha amfumu? Anzathu a kunyanja akudziwa za chilumba cha Mbenje ku Salima, kumene Mfumu Makanjira imatseka usodzi nyengo ya mvula kuti nsomba ziswane, mwambo umene wakhala ukutsatidwa kwa zaka makumi ambiri. Sanachite kuuzidwa ndi banki ya ku London. Ndipo Rwanda, imene inaletsa majumbo mu 2008, ndi Kenya, imene inatero mu 2017, ndi maiko a anthu akuda ngati ife.

Chimene timaphunzira kwa asodzi a ku Mbenje n'chakuti lamulo limalemekezedwa likamagwira aliyense, mwini mabwato ambiri ndi mwini kabwato kamodzi. Zinthu zitatu zija zili ngati mafuwa. Ukachotsa fuwa la kayendetsedwe kolungama, mphika wa chilengedwe umagubuduka, ndipo wopsa ndi amene wakhala pafupi ndi moto.

Komabe tisaname kuti jumbo ndi makala n'chimodzimodzi. Jumbo tingathe kuisiya mawa lomwe. Amayi athu ankapita kumsika ndi dengu ndi chitenje, mchere ankakulunga m'masamba, ndipo sanafe nazo. Makala ndi nkhani ina. Mabanja oposa 9 pa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. Magetsi sanafike kwa ambiri, kumene anafika amathimathima, gasi ndi wokwera mtengo, ndipo makala achilolezo ndi ochepa. Tinene mosabisa: thumba limene bambo uja analandidwa linali kubwera kwa ife. Limafika m'nyumba za aphunzitsi, za apolisi, ngakhale kunyumba kwa abambo ansembe. Nsima ya pa chikondwerero cha parishi timaphikira chiyani? Ndipo timayatsa mbaulayo ndi chiyani, ngati si jumbo yomwe ija, ana ali pomwepo akupuma utsi wake?

Apa ndi pamene tikuona kuti kulemera kwa mlandu kumatsata kuchuluka kwa njira zimene munthu anali nazo. Amene alibe pothawira mlandu wake ndi wopepuka. Amene akanatha kuchita mwina koma anasankha phindu, wake ndi wolemera. Mwini fakitale anali ndi zaka zambiri zoti asinthe makina ake kuti azipanga mapulasitiki okhuthala kapena zinthu zina. Ankanena kuti anthu adzachotsedwa ntchito, ndipo nkhawa imeneyo si yabodza, pakuti ena mwa antchitowo ndi amuna athu ndi ana athu. Koma kukumbukira wantchito pa tsiku la mlandu lokha, n'kumuimika kutsogolo ngati chishango, sikumukonda. Kumukonda kukanakhala kukonzekera kusinthako nthawi ikadalipo kuti ntchito yake ipulumuke.

Muyeso womwewu ukatembenukira kwa ife umaluma. Mayi wolandira malipiro pakutha pa mwezi, amene angathe kugula chikwama cholimba koma amakalipira wogulitsa tomato kuti, "Mulibe jumbo? Ndiye ndikagule kwina," ali ndi mlandu woposa wa wogulitsayo. Mayi athu a mandasi aja amamangira m'jumbo chifukwa akapanda kutero kasitomala amapita kwa mnzawo. Kasitomala ameneyo ndife. Momwemonso amene angathe kugula mbaula yosunga moto, monga chitetezo mbaula, kapena kudzala mitengo m'malire a munda wake, koma osachita, asaloze chala wa njinga.

Tsono kumvera kokha sikukwanira. Ngati tavomera kuti lamulo ndi labwino koma likukondera, kukhala chete n'kugwirizana ndi kukonderako. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala pamalo aukhondo ndi osaononga thanzi. Limafunanso kuti ntchito zikuluzikulu, monga mgodi kapena fakitale, zisanayambe ziunikidwe mmene zidzakhudzire chilengedwe ndi anthu, ndipo eni dera amayenera kufunsidwa maganizo. Koma pa misonkhano yotereyi ife amayi timapezeka kuti? Kuseri, tikupalasa moto wa nsima ya alendo, abambo akusainira. Chikhalirecho amene adzayende mtunda wautali chitsime chikaipa ndife. Mary Sumner poyambitsa Mothers' Union mu 1876 anafuna kuti amayi athandizane kulera mabanja, ndipo sitingalere banja osafunsa za madzi amene likumwa. Mu 1990 Mpingo wa Anglican pa dziko lonse unaonjezera kusamalira chilengedwe pa zizindikiro za utumiki wake, kukhala chachisanu. Tsono mayi woima pamsonkhano wa kwa amfumu n'kufunsa kuti zonyansa za fakitale zizikatayidwa kuti, sakulowerera ndale. Ali pa ntchito ya Mpingo.

Pali chinanso chowawa chimene sitingachilumphe. Fuwa lachitatu lija limafunikanso m'nyumba mwathu. Mpingo uli ndi malo, masukulu, zipatala ndi mitengo. Mitengo ya pamishoni ikadulidwa, amadziwa ndani kumene ndalama zapita? Buku la msungichuma wa gulu lathu lomwe lino linawerengedwa liti pamaso pa onse? Kampani imene tikuifunsa kuti ionetse poyera zochita zake ingathe kutibwezera funso lomwelo, ndipo m'maparishi ena tingagwetse nkhope.

Sabata yotsatira tinabwerera kwa mayi athu aja ndi yankho lina. Tinawauza kuti funso lawo linali loyenera ndipo tinalakwa kuseka. Tinawauza kuti monga tikuonera ife, jumbo ija ikupwetekadi anthu, choncho si nkhani yoinyozera, koma katundu wake asasenze okha. Tinapangana kuti mamembala tikamakagula kwa iwo tizinyamula kontena kapena dengu lathu, kuti pa misonkhano ya parishi chakudya chizigawidwa m'mbale, ndi kuti gulu losoka liyese kupanga zikwama za nsalu zotsala za yunifolomu. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Zikomo amayi. Koma inu ndinu makasitomala angati? Ana asukulu ogula mandasi a m'mawa aja nawonso azibwera ndi dengu? Nanga mnzanga wa mafilizesi ndikamuuze kuti aziika m'chiyani?"

Pa za mafilizesi tinangoyang'anana. Mayi mlembi analemba funsolo m'buku kuti lipite ku msonkhano wa dayosizi, ndipo tikupempha nthambi zonse, makamaka za kumudzi ndi za kunyanja kumene masamba a nthochi ndi milaza sizisowa, kuti zibwere zitakambirana. Mayi athu aja Loweruka lapitali tinawapeza pamsika atayala tomato wawo, mbali ina mulu wa manyuzipepala akale odulidwa bwino, mbali ina mpukutu wa majumbo woti apatse amene angakane pepala.