Yunivesite ikasankha mwana, idziwenso kumene akugona

Mayina a ana osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akangotuluka, pamudzi pamamveka nthungululu. Koma sabata isanathe, makolo amakhala atayamba kuimba mafoni uku ndi uku: kodi ku Zomba tili ndi mbale? Nanga ku Blantyre ndani angatifufuzireko chipinda? Mwana wapeza malo m'kalasi, koma pogona alibe, ndipo kalata yomuitana siyankha nkhawa imeneyi.

Pamene Chancellor College inkasamukira ku Zomba mu 1973, ophunzira anali ochepa, ndipo wosankhidwa ankadziwa kuti bedi ndi chakudya akazipeza komweko. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, ana anadzaza makalasi, kenako sekondale, ndipo pomaliza anafika pakhomo la yunivesite. Kutsegula khomolo kwa ambiri chinali chinthu chabwino, sinditsutsa. Mayunivesite anawonjezekanso: ya Mzuzu, LUANAR, MUST ku Thyolo, ndipo mu 2021 Polytechnic inaima payokha n'kukhala MUBAS. Chimene sichinakule mofanana ndi chiwerengero cha ophunzira ndi mahositelo. Otsala onse anapatsidwa dzina loti ogona kunja kwa kampasi, ngati kuti anachita kusankha okha.

Amene anadutsa ku Zomba amadziwa Chikanda. Kumeneko, monganso ku Luwinga mumzinda wa Mzuzu kapena ku Chitawira ndi Zingwangwa ku Blantyre, eni nyumba anaona msika. Ena anamanga midadada ya zipinda kuseri kwa nyumba, ena anagawa pabalaza ndi matabwa. Chipinda choyenera munthu mmodzi chimalowa anthu atatu kapena anayi, ndipo lendi amawerengera mutu uliwonse. Chimbudzi chimodzi n'cha mpanda wonse. Mayunitsi a magetsi akatha pakati pausiku, mayeso ali mawa, pamabuka mkangano wa amene anaphikira nyemba pa hotipuleti.

Wovutika kwambiri ndi wa chaka choyamba wochokera kutali. Mwana wa ku Chitipa kapena ku Nsanje amene sanapondepo Zomba sangadziwe kuti nyumba iyi ili kufupi, iyo ili kudera kumene anthu amalandidwa mafoni. Amadalira zithunzi za pa WhatsApp ndi mawu a ajenti amene sanamuonepo nkhope. Ajentiyo amafuna ndalama yake kaye, landilodi amafuna ya miyezi ingapo pamodzi, ndipo zonse zimatumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba popanda pepala lililonse. Akafika n'kupeza kuti denga likudontha, kapena chipindacho mwalowa kale wina, akadandaule kwa yani?

Sindikufuna kuwasandutsa eni nyumba adani. Ena mwa iwo ndi amayi amasiye ndi anthu opuma ntchito amene lendiyo ndiye chakudya chawo, ndipo simenti, malata ndi madzi zinakwera mtengo kwa iwonso, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Nawonso ali ndi madandaulo awo: ophunzira othawa usiku ndi ngongole, zitseko zothyoledwa, ndi sukulu yotsekedwa mwadzidzidzi zipinda n'kukhala miyezi popanda wolipira. Popanda anthu amenewa mayunivesite athu sakanatha kulandira ana onse amene amawalandira. N'chifukwa chake zimandipweteka kuona kuti ntchito yaikulu chonchi ikuyenda popanda woiyang'anira mokwanira.

Pali amene amanena kuti wophunzira wa ku yunivesite ndi wamkulu, adzionere yekha, ndipo kusaka nyumba ndi phunziro la moyo. Mawuwa amakoma m'kamwa mwa munthu amene mwana wake ali ndi ndalama ya kabaza tsiku lililonse. Taganizirani mtsikana amene akukhala mtunda wautali kuchokera ku kampasi. Dzuwa likamapendeka ayenera kusankha: atsale ku laibulale n'kuyenda mumdima, kapena abwerere kuchipinda kumene kulibe tebulo, anzake akucheza, wina akukoleza mbaula pakhomo. Ambiri amabwerera, ndipo sindingawadzudzule. Mnzake wa kuhositelo amawerenga mpaka laibulale kutseka. Onsewa adzalemba mayeso amodzi, ndipo wowachonga sadzafunsa kuti anagona kuti. Ndalama za ngongole za bungwe la HESLGB zikachedwa, landilodi sadikira, ndipo apa ndi pamene atsikana ena amagwa m'manja mwa azibambo olonjeza kuwalipirira lendi. Zimenezi timazidziwa tonse, kungoti timazinena monong'ona.

Kumanga mahositelo okwanira kudzatenga zaka ndi ndalama zambiri, ndipo kuyenera kuchitika ndithu. Koma zilipo zimene sizidikira bajeti ya boma. Ofesi yoona za umoyo wa ophunzira ingathe kuyendera nyumba zozungulira kampasi chaka ndi chaka, kuona loko wa chitseko, chimbudzi, madzi, mawaya a magetsi ndi kuchuluka kwa mabedi, n'kutumiza mndandanda wa nyumba zovomerezeka pamodzi ndi kalata yoitana wophunzira. Landilodi amene dzina lake lili pamndandandawo sangasowe alendi, choncho angakonze pakhomo pake mosakakamizidwa. Pakhalenso pepala limodzi la mgwirizano, lolembedwa m'chilankhulo chimene landilodi amamva, lonena lendi, tsiku lolipira, za dipoziti, ndi chimene chichitike nthawi ya holide kapena sukulu ikatsekedwa. Mikangano yambiri imayambira pa nkhani ya holideyi, chifukwa aliyense amakumbukira zimene anagwirizana pakamwa m'njira yomukomera.

Malo ochepa a kuhositelo nawo agawidwe poyera. Ayambe ndi a chaka choyamba, aulumali, atsikana ndi ochokera kutali, osati amene ali ndi wodziwana naye mu ofesi. Wa chaka chachitatu amaudziwa mzinda, amadziwa nyumba yabwino ndi njira yoipa. Makhonsolo a mizinda nawo aike magetsi m'njira zimene ophunzira amadutsa usiku, poyambira ndi zochokera ku kampasi kulowa ku Chikanda ndi ku Luwinga.