Tchimo la Mboni Yokhala Chete

Pamene akazi 36 a m'minda ya tiyi ya Thyolo ndi Mulanje adakasuma ku London kuti akapitawo ankawachitira nkhanza, ena mwa iwo mpaka kuwagwiririra, mlandu umene udatha mwa mgwirizano mu 2021, mtima wanga udatsalira kwa anzawo amene adaona, dengu lili kumsana, nakhala duu poopa kuchotsedwa ntchito. Levitiko mutu 5 amayesa wochimwa mboni yobisa chimene idaona. Koma kodi Mulungu adzamuweruza motani mayi amene mchere wa ana ake uli m'dzanja la kapitawo yemweyo? Chipinda chomvera madandaulo a ozunzidwa chilipo kupolisi, nambala ya foni ya 5600 yonenera nkhanza njaulere, amfumunso ali pafupi. Komatu mayiyo akaulula lero, mawa adzaimanso pasikelo, kapitawoyo akulemba makilogalamu ake.