Kamtambo ka Kumpoto ndi Funso la Mnyamata

Mu Novembala, mwezi ukalowa mu mdima, munthu woima pa mchenga wa ku Senga Bay, kutali ndi nyali za asodzi a usipa, angathe kuona kamtambo kotuwa cha kumpoto. Katswiri wa ku Persia, al-Sufi, anakalemba m'buku lake cha m'chaka cha 964. Panapita zaka mazana asanu ndi anayi anthu osadziwa kuti n'chiyani. Mu 1923 Edwin Hubble, pa Mount Wilson ku California, anapezamo nyenyezi yomwe kuwala kwake kumakwera ndi kutsika pa nthawi yoikika. Potsata lamulo limene Henrietta Leavitt anatulukira, anayeza mtunda, ndipo zinadziwika kuti Andromeda ndi mlalang'amba wina, wa kunja kwa wathuwu.

Kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, komabe kuwala kwa kamtamboka kwayenda zaka 2,500,000 kuti kafike m'maso mwathu. Apa ndi pamene mnyamata wa Fomu 3 anandiimitsa Sabata lina: "Abusa, nanga zaka zikwi zisanu ndi chimodzi zija?" Mkulu wina anamdzudzula kuti mafunso otere ngofooketsa chikhulupiriro. Ine mtima unandipweteka.

Kodi n'koyenera kubisira mwana choonadi pofuna kuteteza chikhulupiriro chake? Mkuluyo sanali woipa mtima. Waona achinyamata akutayika, ndipo mantha ake ndi a kholo. Koma lamulo lachisanu ndi chinayi silinapatule bodza lonenedwa pofuna kuthandiza Mulungu. Werengani Yobu 13:7, pamene Yobu akutsutsa abwenzi ake pa tchimo lomweli. Mnyamatayo mawa adzawerenga za makina a James Webb, amene mu 2024 anaona milalang'amba yomwe kuwala kwake kwayenda zaka zoposa 13 biliyoni. Akadzazindikira kuti tinamnamiza pa za nyenyezi, adzatikhulupirira bwanji pa za Sabata?

Ndipotu Malemba satikakamiza kunama. Pa Yobu 38:4-7 timaona kuti pamene maziko a dziko lino ankaikidwa, zolengedwa zina zinalipo kale, zikukondwera. Ahebri 1:2 akunena za maiko ambiri, ndipo Mayi White analemba za maiko osachimwa. Masiku asanu ndi limodzi a Genesis, amene Sabata limatikumbutsa, ndi masiku enieni okonza mudzi wathu uno. Ambiri mwa ophunzira athu amamva kuti zakumwamba zinayamba kale. Ena amati Mulungu analenga kuwalako kuli kale pa njira. Yankho limenelo limandivuta, pakuti kuwalako kumanyamula mbiri ya nyenyezi zophulika, ndipo sindiona Mlengi akulemba mbiri ya zinthu zimene sizinachitike.

Sabata litatha, mabwato akupita cha ku Namalenje, ndinatenga mnyamatayo ndi mkulu uja kupita kugombe. Mkuluyo ndiye anayamba kukaona kamtamboko.