Kodi Ngongole Iri Yonse Iyenera Kubwezedwa?

Ife tonse tinaleredwa ndi mau akuti mlandu suola, ndipo m'sukulu timaphunzitsa ana kuti wokongola cuma ca mnzace abweze. Munthu wotenga dengu la cimanga m'mwezi wa njala, nakana kubweza pofika masika, timuyesa wonyenga, ndipo akuru a mpingo amcenjeza. Tsono tidzanenanji za Akristu aja amene anaima pamaso pa olamulira maiko olemera, napempha kuti ngongole za maiko osauka zifafanizidwe? Kodi anacita cilungamo, kapena anaphunzitsa anthu kukana mangawa ao? Funso ili tiliyese pamodzi, abale, pakuti yankho lace lifikanso pakhomo pathu.

Tiyambe ndi magwero a ngongolezo. M'caka ca 1973 mtengo wa mafuta unakwera kwambiri, ndipo ndalama za ogulitsa mafutawo zinadzaza mabanki a ku Ulaya ndi ku America. Mabankiwo, pamodzi ndi maboma olemera, anakongoza maiko osauka, osafunsitsa kumene ndalamazo zinalikupita. Zina zinamanga miseu ndi zipatala. Zina zinagula zida za nkhondo, kapena zinathera m'manja mwa olamulira onga Mobutu wa ku Zaire. Pofika 1980 ciongoladzanja cinakwera, pamene mitengo ya zinthu zogulitsa maikowo, monga mkuwa wa ku Zambia, inali itagwa. Cotero maiko ena anafika pakupereka ku ngongole ndalama zoposa zimene anapereka ku zipatala zao.

Pamenepo mphunzitsi wina wa ku England, dzina lace Martin Dent, ndi anzace anakumbukira caka coliza lipenga ca m'buku la Levitiko 25, caka ca 50 cija, pamene munda wogulitsidwa cifukwa ca umphawi unayenera kubwerera kwa mwini wace, ndi Mhebri wodzigulitsa anayenera kumasulidwa. Kucokera m'maganizo amenewa kunabadwa gulu la Jubilee 2000. Mphamvu yace inali mwa anthu wamba a m'mipingo, amai ndi acinyamata omwe. Pa 16 May 1998 anthu ngati 70,000 anagwirana manja, nazinga pakati pa mzinda wa Birmingham, pamene atsogoleri a maiko 8 amphamvu anali ndi msonkhano wao. Pofika 2000, maina oposa 24 miliyoni anali atalembedwa pa kalata ya pempho lao, ndipo ena osadziwa kulemba anadinda cala. Mu 2005, ku Gleneagles m'dziko la Scotland, atsogoleriwo anabvomera kufafaniza ngongole zambiri za kwa IMF, World Bank ndi banki ya citukuko ca Africa. Gawo lalikuru la ngongole ya Malawi linafafanizidwa mu 2006. Ndipo caka comweco Zambia inaleka kulipiritsa odwala m'zipatala za boma za kumidzi.

Wina adzati, Zabwino zimenezo. Koma lonjezo ndi lonjezo, ndipo tikamasula wokongola lero, mawa adzakongolanso mosasamala. Mau awa tisawapeputse, pakuti muli coonadi m'menemo. Koma tiyeni tione zinthu zitatu.

Coyamba, lonjezo limanga iye amene analonjeza. Mai wa kumudzi amene anapeza cipatala copanda mankhwala sanafunsidwe pa tsiku lokongola, ngakhale kobiri limodzi sanaliona. Koma wolipira ndiye. Kumlipiritsa iye cuma cimene anadya wina, ndiko kulanga wosacimwa.

Caciwiri, wokongoza alinso ndi mlandu wace. Munthu wopatsa ndalama kwa mbiyang'ambe, alikudziwa makhalidwe ace, nadzalanda mbuzi ya mkazi wamasiye wa mbiyang'ambeyo, pabwalo la mfumu sadzacoka wopanda mau. Momwemonso iwo amene anakongoza olamulira ankhanza, alikupenya, sayenera kusenzetsa osauka okha katundu yense.

Cacitatu, lamulo la Mose silinaletse kukongola, kapena kulola wokongola kunyenga, linaika malire. Linaphunzitsa kuti munthu aposa cuma, ndi kuti umphawi wa atate usasanduke ukapolo wa ana ndi adzukulu. Tsono titero: ngongole iyenera kubwezedwa ndithu, kufikira pamene kubwezako kuyamba kudya moyo wa anthu amene sanaitenge. Pofika pamenepo, kufafaniza sikuli mphatso ai, koma cilungamo.

Komabe wotsutsa uja sanalakwe konse. Mu 2020 Zambia inalepheranso kulipira ngongole zace zatsopano, zaka 15 zokha citamasulidwe. Apa tiphunzirapo kuti kugwirana manja tsiku limodzi sikukwanira. Wokhululukidwa alandira nchito pamodzi ndi cikhululukiroco. Ndipo nchito yathu ndiyo kufunsa iwo okongola m'dzina lathu kuti, Mwatenga zingati, mwatenga kwa yani, ndipo zagula ciani? Kufunsa kotere sikuli kupanduka, pakuti olipira ndife ndi ana athu. Cala cimodzi siciswa nsabwe; koma anthu aja a ku Birmingham anatisonyeza cimene zala zambiri zikhoza kucita.

Potsiriza tidziyese tokha. Nkosabvuta kudzudzula mabanki a kutali, pamene m'mudzi mwathu momwe muli katapila, ndipo ena okongoza kotero akhala nafe pa benci limodzi tsiku la Sabata. Amkongoza mnansi ndalama m'mwezi wa February, nalandira zowirikiza pokolola, kufikira mnansiyo agulitsa munda umene ukadadyetsa ana ace. Ngati tinakondwera pamene dziko lathu linamasulidwa, sitingathe kugwira mnzathu pakhosi cifukwa ca matumba awiri a cimanga. Wokongola ayesetse kubweza, pakuti ici ndi coyenera. Koma wokongoza, asanapite kukalonjerera, ayambe wapenya m'nkhokwe ya mnzaceyo, nadzifunse ngati cimene akatenge sicidzasiya ana ndi njala.