Kodi Chilungamo Chimaphunziridwa M'kalasi?

Ku Cambridge, m'dziko la England, kuli maphunziro a digiri yachiwiri amene ophunzira ake ambiri ndi akuluakulu a polisi. Ntchito sasiya. Amakakhala ku Institute of Criminology masabata ochepa, n'kubwerera kumaofesi awo, ndipo zimatero kwa zaka ziwiri. Amene anatsogolera maphunzirowa kwa nthawi yaitali ndi Lawrence Sherman, yemwe mu 1998 analimbikitsa kuti njira za apolisi ziziyesedwa ngati mmene madokotala amayesera mankhwala.

Koma munthu amene wathamangitsana ndi mbava mpaka kumera imvi akaphunziranso chiyani kwa anthu a mabuku? Aristotle ankaphunzitsa kuti mnyamata atha kukhala katswiri wa masamu, koma nzeru yodziwa chochita pa nthawi yake imadza ndi zaka. Zoona, komatu chizolowezi chimanamizanso. Ku Kansas City mu 1972 ndi 1973 anachulukitsa galimoto za polisi zoyendera misewu m'madera ena, kwina n'kuzichotsa, ndipo milandu sinasinthe kwenikweni.

Povuta zedi ndi pa nkhanza za m'banja. Kafukufuku amene Sherman ndi Richard Berk anachita ku Minneapolis, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 1984, anasonyeza kuti mwamuna womenya mkazi akamangidwa sabwerezabwereza. Mizinda yambiri ya ku America inathamangira kulamula apolisi kuti azimanga. Sherman atayesanso ku Milwaukee, zinaoneka kuti kumangako kumaopseza amuna amene ali pa ntchito, pomwe kwa malova nkhanza zimawonjezeka.

Nanga wapolisi atani akafika pakhomo usiku, mayi diso litatupa, ana ataunjikana kuseri kwa chitseko? Amange wapantchito, lova n'kumusiya? Ziwerengero zitha kuloza komweko, koma lamulo lofunsa kaye kumene munthu amagwira ntchito lasanduka la tsankho, ndipo mkazi wa lova naye ayenera kutetezedwa. Kafukufuku amanena zimene zingachitike mawa. Chimene chili choyenera usikuwo sachinena.

N'chifukwa chake kuphunzira uli pa ntchito kuli ndi phindu lakelake. Wophunzira wamba atha kulemba mbali zonse ziwiri, n'kukhoza mayeso, nkhani n'kuthera pomwepo. Mkulu wa polisi alibe mwayi umenewo. Akachoka m'kalasi amakapeza malangizo a apolisi ogwira usiku akudikira siginecha yake, ndipo ayenera kulembamo momveka ngati mwamuna uja amangidwe kapena ayi.